Ndaduka chala kuntchito ndipo abwana akufuna ndisayine kalata, ndiyambire pati?

Bambo a Tadala:
Moni nonse a pa gulu lino. Ndikupempha nzeru kwa amene akudziwa malamulo a zantchito, kapena amene anadutsamo kale m'vuto longa langali. Ndagwira ntchito zaka 4 pa kampani ina yopanga mipando ndi zitseko ku Kanengo, ndipo ntchito yanga ndi yocheka matabwa pa makina a sowo yozungulira. Masabata 3 apitawo ndinkacheka thabwa la mlombwa lomwe linali ndi mfundo pakati, ndipo sowo itafika pa mfundopo thabwalo linadumpha n'kubwerera m'mbuyo, dzanja langa lamanja n'kupitirira mpaka pa mano a sowoyo. Ululu sindinaumve nthawi yomweyo. Ndinangoona utuchi wa patebulo ukufiira, kenako mnzanga wogwira naye ntchito akuvula malaya ake n'kundikulunga nawo dzanja. Chala chamkombaphala chinaduka pa mfundo yachiwiri, ndipo chapakati chinang'ambika mpaka kukhudza mtsempha, moti mpaka lero sichikupindika.

Makinawo alibe chotchingira. Chinathyoka chaka chatha, ndipo nthawi zonse tikadandaula akapitawo ankangoti chibwera. Abwana ananditengera kuchipatala pa galimoto yawo ndipo analipira zonse za tsikulo, zimenezo sindingawanamizire. Koma dzulo anandiitanitsa ku ofesi n'kundionetsa envulopu ya K150,000 pamodzi ndi kalata ya m'Chingerezi yoti ndisayine, yonena kuti ndalandira chipepeso ndipo sindidzafunsanso kanthu. Akuti ngoziyo ndinaichititsa ndekha chifukwa sindinavale magolovesi. Ndimalandira K160,000 pamwezi, lendi ya nyumba yayandikira, ndipo akazi anga akuti ndingolandira kuopa kutaya zonse pamodzi ndi ntchito yomwe. Ndawapempha abwana kuti andipatse masiku ochepa. Kodi ndisayine?

Mayi Nachisale:
Pepani kwambiri bambo, Mulungu akuchizeni. Kalatayo musasayine, ndipo ndikunena izi chifukwa zinachitika m'nyumba mwanga. Amuna anga anakokedwa dzanja ndi lamba wa chigayo n'kuduka zala ziwiri, mwini chigayo n'kubwera kunyumba ndi matumba awiri a chimanga ndi ndalama pang'ono, akulankhula mwachifundo moti tonse tinaona ngati ndi m'bale wathu. Tinasayina pepala lake tili pamkeka pakhonde, bala lisanapole n'komwe. Patapita miyezi iwiri anawauza kuti ntchito yatha chifukwa sangathenso kunyamula thumba, ndipo titapita kukadandaula chinthu choyamba chimene anatulutsa chinali pepala lomwe lija. Chimanga chija chinatha mwezi usanathe, koma dzanja la amuna anga lidakali momwemo mpaka lero.

A Mbewe a ku Zomba:
Bambo a Tadala, ine ndinagwirapo ntchito yothandiza anthu pa nkhani za malamulo, choncho ndiyesa kufotokoza mwatsatanetsatane. Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu ambiri timazisakaniza. Chipepeso ndi mphatso imene munthu amapereka mwa kufuna kwake pofuna kuonetsa chisoni, ndipo akhoza kupereka zambiri, zochepa kapena osapereka n'komwe. Chipukuta misozi cha munthu wovulala pantchito ndi ngongole imene lamulo limaika pa olemba ntchito, ndipo kuchuluka kwake sikudalira mtima wa abwana. Lamulo lake ndi Workers' Compensation Act la chaka cha 2000, ndipo limayendetsedwa ndi Unduna wa Zantchito kudzera mwa Komishonala woona za chipukuta misozi cha ogwira ntchito komanso maofesi a zantchito a m'maboma, amene ambiri timangowatchula kuti kuleba.

Chimene muyenera kuchigwiritsa n'chakuti pansi pa lamuloli simufunika kutsimikizira kuti abwana analakwitsa. Funso lalikulu limakhala lakuti kodi munavulala chifukwa cha ntchito yanu komanso muli mkati moigwira. Inu munavulala mukucheka thabwa la kampani, pa makina a kampani, nthawi ya ntchito, choncho nkhani ya magolovesi siichotsa ufulu wanu. Zimene zingamulepheretse munthu kulandira ndi zinthu zikuluzikulu monga kudzivulaza dala, osati kulakwitsa wamba kumene aliyense wogwira ntchito ndi manja angakuchite.

Kawerengedwe kake kali motere. Munthu amene walumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito amayenera kulandira malipiro a miyezi 54, ndipo akamwalira a pabanja pake amalandira malipiro a miyezi 42. Wovulala chiwalo chimodzi, monga inuyo, amalandira gawo la miyezi 54 ija malinga ndi maperesenti a ulumali amene dokotala walemba potsatira mndandanda umene uli m'lamulomo. Pa malipiro anu a K160,000, miyezi 54 ikukwana K8,640,000. Tingoyerekeza kuti dokotala walemba 10 peresenti pa zala zonse ziwiri, ndiye kuti ndalama yanu ingakhale K864,000, osawerengera zolipira kuchipatala zimene lamulo limanena kuti ndi udindo wa olemba ntchito. Chiwerengero chenicheni adzachinena ndi dokotala, ine ndangopereka chitsanzo kuti muone kutalikirana kwake ndi envulopu mwaonetsedwayo.

Olemba ntchito ndi amene ayenera kukanena za ngoziyo ku ofesi ya zantchito. Afunseni ngati anakanena, ndipo akazengereza pitani nokha, chifukwa lamuloli lili ndi malire a nthawi yokadandaulira ndipo kuchedwa kumapweteketsa wovulalayo, osati abwana.

Bambo a Tadala:
Zikomo kwambiri a Mbewe, ndawerenga kawiri konse. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ndilibe kalata ya ntchito. Ndinayamba ngati waganyu, kenako anangondiuza pakamwa kuti ndizibwera tsiku lililonse, ndipo kuyambira pamenepo ndimalandira pamwezi. Kodi sadzanena kuti sindine wantchito wawo?

A Mbewe a ku Zomba:
Mgwirizano wa ntchito wa pakamwa ndi mgwirizano ndithu, ndipo munthu amene wagwira zaka 4 akulandira mwezi ndi mwezi sangatchedwe waganyu. Chofunika ndi umboni. Ngati malipiro amabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba musafufute mauthengawo, ngati amadutsa kubanki katengeni sitetimenti, ndipo ngati amakudulani ndalama ya penshoni pitani ku kampani yosunga penshoniyo akakupatseni chikalata choonetsa amene amakuperekerani. Yunifolomu ya kampani, chiphaso cha pageti ndi buku losayina pofika m'mawa, zonsezo ndi mboni. Lembaninso lero lomwe tsiku ndi nthawi ya ngoziyo ndi mayina a amene analipo, chifukwa anthu amaiwala, ndipo ena amaopa kulankhula akaona kuti ntchito yawo ili pachiswe.

Mmisiri Gondwe:
Ine ndapala matabwa zaka zoposa 20 ndipo nkhani ya magolovesiyo yandipweteka mtima. Mmisiri aliyense wodziwa ntchito angakuuzeni kuti pa sowo yozungulira sitivala magolovesi, chifukwa dzino limodzi likangokola nsalu limakoka dzanja lonse, ndipo munthu amene akanangochekeka pang'ono amataya zala zonse. Zimene zimateteza dzanja pa makina amenewo ndi chotchingira cha pamwamba pa sowo, kachitsulo kamene kamakhala kumbuyo kwa sowo koletsa thabwa kupana, ndi kamtengo kokankhira thabwa likatsala pang'ono kutha. Mlombwa wa mfundo umabweza ndithu, ndipo n'chifukwa chake zinthu zimenezi zimaikidwa. Achimwene, pemphani mnzanu wodalirika ajambule makinawo pa foni mawa lomwe, chifukwa ndaonapo chotchingira chimene chinasowa chaka chathunthu chikupezeka tsiku limodzi munthu atavulala.

Mayi Jere:
Ndine namwino ndipo ndikufuna kulankhulapo za mbali ya kuchipatala, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amadziluzitsa okha. Maperesenti a ulumali sayenera kulembedwa bala likadali laliwisi. Pa masabata 3 palibe dokotala amene angadziwe ngati chala chapakaticho chidzayambanso kupindika kapena chidzauma mpaka kalekale, ndipo mtsempha wosokedwa umatenga miyezi kuti ulimbe. Mukafulumira kulembetsa fomu, adzawerengera chala chodukacho chokha, n'kusiya chinacho chimene mwina ndicho chidzakuvutitseni kwambiri pogwira chida. Kanenani ku ofesi ya zantchito msanga monga anenera a Mbewe, koma kuyezedwa komaliza kudikire mpaka a chipatala atanena kuti dzanja lafika pamene lingafike.

Musadumphe masiku a mafizo ngakhale thiransipoti ikuvuta, chifukwa chala chikakhala nthawi yaitali osachipinda chimauma, ndipo zala zinzake zimatengerako. Mukapita kukaonana ndi dokotala muziwauza zonse, monga dzanzi, kupweteka kwa pansonga podukapo kukazizira, kulephera kugwira cholembera kapena kumanga mabatani, komanso kuti limeneli ndi dzanja limene mumagwiritsa ntchito. Onetsetsani kuti m'buku lanu la kuchipatala munalembedwa kuti munavulala kuntchito ndi makina, ndipo bukulo lisachoke m'manja mwanu. Akalifuna ku ofesi apatseni fotokope. Poti muli ku Lilongwe, madokotala a mafupa alipo ku Kamuzu Central ndi ku chipatala cha LION chomwe chili pomwepo, ndipo mukhoza kupempha kuti akutumizeni kumeneko.

Kwa ena onse amene mumagwira ntchito ndi makina ndionjezere ichi. Chala chikaduka musachitaye ndipo musachiike mwachindunji pa ayezi kapena m'madzi. Chikulungeni m'kansalu koyera konyowa pang'ono, chiikeni m'pepala la pulasitiki lomanga bwino, kenako pepalalo liikeni pa zozizira, n'kuthamanga nacho kuchipatala pamodzi ndi wovulalayo. Si nthawi zonse pamene chimatheka kulumikizidwa, koma chisankhocho chikhale cha dokotala. Musaiwalenso kufunsa za jakisoni wa kafumbata.

A Kamanga:
Ndikudziwa kuti mawu angawa ena sawakonda, koma ndilankhule ngati munthu amene ndili ndi kashopu ka zowotcherera ndipo ndimalemba anyamata 6. Si abwana onse amene ali ndi mtima woipa. Abwana a bamboyu anawanyamula okha kupita nawo kuchipatala, ndipo analipira zonse za tsikulo. Mukathamangira kuleba musanakambirane, ubale umatha pomwepo, ndipo munthu wa chala chimodzi choduka kupeza ntchito ina masiku ano si chinthu chapafupi. Komanso ndamvapo anthu akudikira ndalama za chipukuta misozi nthawi yaitali, akungoyendera mafayilo awo mpaka nsapato kutha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bwanji osakambirana kuti akweze ndalamayo kufika pabwino, nkhani n'kuthera m'nyumba?

Mayi Nachisale:
A Kamanga, ifenso tinauzidwa mawu omwewo akuti nkhani ithere m'nyumba, ndipo inatheradi m'nyumba mwathu, osati mwa mwini chigayo. Ngati abwanawo ali ndi mtima wabwino, n'chifukwa chiyani chipepeso chawo chikubwera ndi kalata yomutseka munthu pakamwa? Wopepesa zenizeni amangopereka n'kumapita.

A Mbewe a ku Zomba:
Mfundo ya a Kamanga yokhudza kuchedwa ndi yoona ndipo sindingaitsutse. Kuno kwathu ndalama ya chipukuta misozi imachokera kwa olemba ntchito mwiniwakeyo kapena ku kampani ya inshuwalansi imene analembetsako antchito ake, choncho abwana akakhala ozemba kapena opanda inshuwalansi, wovulala amayenda maulendo ambiri. Koma pamene ndikusiyana nanu, a Kamanga, ndi poganiza kuti kupita ku ofesi ya zantchito ndi kuwasumira abwana. Kukanena za ngozi ndi udindo umene lamulo linaika pa abwanawo, ndipo bamboyu akapitako akungochita chimene kampani inayenera kuchita kale. Kukambirana n'kwabwino, koma munthu amakambirana bwino akadziwa chimene chili chake. Lero bamboyu sakudziwa maperesenti ake, ndipo amene wakonza kalatayo akudziwa bwino lomwe chifukwa chake akufuna isayinidwe dokotala asanalembe kanthu.

Pa za mantha a ntchito, lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limanena kuti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati akumuneneza kuti walakwa kapena sakutha ntchito ayenera kupatsidwa mpata wodziyankhira. Kudandaula motsatira lamulo si chifukwa chochotsera munthu, ndipo zikachitika nkhaniyo imakafika ku khothi loona milandu ya zantchito, Industrial Relations Court. Lamulo lomwelo limapatsa munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 tchuthi chodwala cha masabata 4 pa malipiro athunthu ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola pakhale kalata ya dokotala. Sindikunena kuti lamulo lidzaletsa abwana kukwiya, koma kuti bamboyu ali ndi poima.

Inunso a Kamanga, poti muli ndi anyamata 6 ogwira ntchito ndi galayindala ndi moto, ndikukupemphani mukafunse mtengo wa inshuwalansi ya antchito ngozi isanakugwereni, chifukwa tsiku limene mmodzi adzavulale kwambiri, miyezi 54 ija idzachokera m'thumba mwanu.

A Kamanga:
Ndamva a Mbewe. Za inshuwalansizo sindinaziganizirepo mozama ndipo ndikafunsa. Komabe ndikuumirira kuti bamboyu akawauze abwana ake mwaulemu asanapite kuleba, asakangomva kuti waitanidwa.

Mlongo Esnart ku Johannesburg:
Pepani achimwene ndi zimene zakuonekeranizi. Ndilembeko pang'ono chifukwa pa gulu lino pali abale ambiri amene akugwira ntchito kuno ku South Africa m'mafakitale ndi m'malo omanga nyumba, ndipo asasokoneze malamulo a mayiko awiriwa. Kuno lamulo lake ndi COIDA la chaka cha 1993, ndipo ndalama zimachokera ku thumba la boma lotchedwa Compensation Fund limene olemba ntchito amasonkhako. Abwana ayenera kukanena za ngozi pasanathe masiku 7 pogwiritsa ntchito fomu ya W.Cl.2. Ulumali ukakhala wa 30 peresenti kapena kuchepera apo munthu amalandira ndalama kamodzi, ukapitirira amalandira mwezi ndi mwezi. Kusiyana kwina n'kwakuti kuno wantchito sangawasumire abwana ake kukhothi pa ngozi yotere, amangodutsa ku thumbalo. Kuyambira mu November 2020, Khothi la Malamulo Aakulu a dziko lino litagamula, ogwira ntchito za m'nyumba nawonso akuwerengedwa, zimene zimakhudza amayi ambiri a kwathu.

A Chirwa:
Mawu a mlongo wathuyo andikumbutsa mbali imene sinakambidwe mokwanira. Ku Malawi njira ya kukhothi ndi yotseguka ngati kuvulalako kwachitika chifukwa cha kusasamala kwa olemba ntchito, ndipo nkhani ya chotchingira chimene chinathyoka chaka chatha ndi yaikulu kuposa momwe bamboyu akuionera. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la chaka cha 1997 limalamula kuti mbali zoopsa za makina zikhale zotchingidwa bwino. Kukhothi woweruza amayang'ana zinthu zimene mndandanda wa maperesenti suziwerengera, monga ululu umene munthu wadutsamo, kuwonongeka kwa maonekedwe a dzanja, zinthu zimene sangathenso kuzichita pa moyo wake, ndi kuchepa kwa mwayi wopeza ndalama m'tsogolo, zimene kwa mmisiri wa dzanja lamanja si nkhani yaing'ono. Koma kumeneko muyenera kutsimikizira kuti abwana analakwitsa, iwonso adzayesetsa kuonetsa kuti mbali ina ya vutolo ndi yanu, milandu imatenga nthawi, ndipo munthu salipidwa kawiri pa bala limodzi chifukwa zimene walandira kale zimaganiziridwa. Mlandu wa kuvulala uyenera kuyambika pasanathe zaka 3.

Chenjeraninso ndi anthu amene amazungulira m'zipatala n'kumalonjeza mamiliyoni kuti akupezerani loya. Musanasayine ndi loya aliyense mufunse kuti adzatengapo zingati ndipo zilembedwe. Ngati mulibe ndalama, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa pa milandu, mukawaonetse kalata ya abwanayo. Ngati pa kampani panu pali bungwe la ogwira ntchito, auzeninso atsogoleri ake, chifukwa anzanu akuchekabe matabwa pa makina omwewo.

Bambo a Tadala:
Ndabweranso kudzakuuzani momwe zayendera, ndipo pepani pochedwa, kulemba ndi dzanja lamanzere kumanditengera nthawi. Ndinatsatira malangizo a a Kamanga ndipo Lolemba ndinayamba ndapita kwa abwana. Ndinawathokoza chifukwa chonditengera kuchipatala, kenako ndinawauza kuti sindisayina kalatayo mpaka dokotala atamaliza kundiona, ndipo ndinapempha fotokope yake. Nkhope yawo inasintha, envulopu anaibweza m'dirowa, koma fotokope anandipatsa. Nditafunsa ngati anakanena ku ofesi ya zantchito anati akonza, zimene zinandisonyeza kuti sanapiteko.

Lachitatu ndinapita ndekha ndi buku langa la kuchipatala ndi mauthenga a malipiro amene mwana wanga Tadala anandithandiza kusindikiza. Analemba nkhani yanga, anandipatsa fomu yoti adzalembe adokotala, ndipo anati alembera kalata kampani kuti ibweretse lipoti la ngoziyo. Mnzanga uja anajambula makina Loweruka, ndipo monga ananenera a Gondwe, pofika Lachinayi chotchingira chatsopano chinali chitamangidwa. Zithunzi zonse ziwiri, cha makina opanda chotchingira ndi cha makina atamangidwa chotchingira, ndazisunga, china mu foni ya akazi anga. Iwowo akadali ndi mantha chifukwa lendi tabwereka kwa alamu anga, ndipo sindikudziwa ngati malipiro a mwezi uno abwera athunthu.

Mayi Jere, a mafizo andipatsa kampira kofewa koti ndizifinya ndipo chala chapakati chayamba kugwedera pang'ono pa mfundo ya m'munsi, koma yapamwambayo idakali gwa. Andiuza kuti ndibwerenso pakatha masabata awiri. Kodi fomuyi ndipite nayo ulendo umenewo kuti adokotala angoiona, kapena ndiisunge kaye mpaka atanena okha kuti nthawi yakwana?

Mayi Jere:
Pitani nayo kuti adziwe kuti ilipo ndipo alembe m'buku lanu tsiku limene akuganiza kuti adzakuyezeni komaliza, koma asalembe maperesenti ulendo umenewu. Mukachoka kumeneko mukadzere ku ofesi ya zantchito n'kuwaonetsa tsikulo, kuti fayilo yanu isaoneke ngati mwaisiya. Kampirako muzifinya monga akuuzirani osapyola muyeso, ndipo chala chikatupa, chikatentha kapena chikayamba kutuluka mafinya musadikire masabata awiriwo.